Achimwene a ku Ulónguè, chitsulo chowawa chisiyeni kaye, tione mmene mukukhalira pa chishalo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga limodzi ndi mayankho a anzathu. Mwati kavalo wanu wamkazi ali ndi zaka 3 ndipo mwayamba kumukwera chaka chino. Akangolowa troti, kuja kuthamanga pang'onopang'ono kopitirira kuyenda wamba, amatukula mutu n'kumakhotera kumanzere, inu n'kugwera kutsogolo, phazi n'kuchoka pa chopondera. Ndiye mukufunsa ngati mugule chitsulo cha m'kamwa chowawirapo. Ena akuti gulani. Ine ndikuti ndalamayo isungeni, chifukwa zambiri mwa zimene mwatchulazi gwero lake ndi wokwerayo. Musandimve molakwa, sindikukunyozani. Kuno kwathu akavalo ndi ochepa, wokuphunzitsa kukwera ngosowa, ambiri timangodziphunzira tokha.

Kavalo wa zaka 3 amanamiza maso. Msinkhu ali nawo, koma m'kati akadali mwana. Mafupa a m'mawondo amakhwima cha m'zaka 2, pomwe a msana, amene inu mumakhalirawo, ndi omalizira, amafika zaka 5 kapena 6. Komanso ngakhale asananyamule kanthu, kavalo amasenzetsa miyendo yakutsogolo pafupifupi 60 peresenti ya kulemera kwake. Ndiye taganizani munthu atakhala pamsanapo n'kuweramiranso kutsogolo komwe kwalemedwa kaleko. Aliyense amene ananyamulapo mnzake pa njinga potsika zitunda za ku Tsangano akudziwa: wakumbuyo akamapendamira uku ndi uko, kapena kukugwira mapewa mwamantha, njinga imayenda mokhotakhota ngakhale woyendetsa akhale katswiri. Kavalo wanu ndiye woyendetsa amene wangophunzira dzulo, inu ndinu wakumbuyoyo. Akamatukula mutu sikuti ndi mwano. Akusaka poimira.

Nachi chimene chikuchitika, malinga ndi mmene mwafotokozera. Troti ikayamba thupi limadzidzimuka, mawondo n'kukanikiza chishalo kuti musagwe. Bondo likangokanikiza, chidendene chimakwera, mwendo wam'munsi umathawira kumbuyo, phazi limapepuka pa chopondera mpaka kuchoka, ndipo chifuwa chimagwera kutsogolo. Pamenepo chogwira chatsala chimodzi chokha, zingwe. Mumadzikoka nazo, osadziwa n'komwe. Koma kumapeto kwa zingwezo kuli chitsulo chimene chagona pa nkhama, pampata wopanda mano, pomwe fupa langokutidwa ndi kamnofu kopyapyala. Kavalo akamva kuwawa amakweza mutu n'kubweza msana pansi. Msana ukalowa pansi troti imagunda kwambiri, inu n'kuwonjeza kukanikiza. Mukaikamo chitsulo chowawa mwangowonjezera ululu pa zomwezo, ndipo akavalo ena akafika pamenepa amayamba kuimirira ndi miyendo yakumbuyo, khalidwe loopsa komanso lovuta kulichotsa.

Choncho yambirani ku miyendo, manja abwera pambuyo. Muli pansi, ikani nsonga za zala pomwe lamba wa chopondera wamangiriridwa ku chishalo, mutambasule mkono: chopondera chifike m'khwapa. Mukakwera, tulutsani mapazi, miyendo ilendewere, ndipo pansi pa chopondera pagunde pa kakolo. Pa kavalo wamng'ono ine ndimafupikitsako bowo limodzi, kuti kudzinyamula kusavute. Ambiri amatalikitsa poganiza kuti ndiye kukwera kwa akatswiri, mapeto ake amangosakasaka chopondera ndi zala. Pondani ndi pamene phazi latambalala, kuseri kwa zala, ndipo chidendene chitsike chokha ndi kulemera kwa mwendo. Osachikankha mwamphamvu, chifukwa mukatero mwendo umauma n'kuthawira kutsogolo.

Wokuonani cham'mbali aziona khutu, phewa, chiuno ndi chidendene zili pamzere umodzi wotsika. Njira yodziyesera ndi iyi: kavalo ataima, imirirani pa zopondera osagwira kanthu. Mukagwera m'chishalo, mapazi ali kutsogolo kwambiri. Mukagwera pakhosi, ali kumbuyo. Pomwe mwatha kuima osagwedera, pamenepo ndiye pamalo pa mwendo wanu. Khalani pansi pang'onopang'ono osausuntha. Mudzamva mafupa awiri a m'matako atakhazikika pa chishalo, ndipo onse awiri azilemera mofanana.

Apa ndiye pali nkhani ya kumanzere ija, ndipo ndichedwapo pang'ono chifukwa anthu amafulumira kuimba mlandu kavalo. N'zoona kuti kavalo aliyense amabadwa ndi mbali imene amapindika mosavuta, monga ife tilili ndi dzanja lodyera. Koma kavalo amatsatanso kulemera. Mukalemera kumanzere iye amalowera komweko kuti akhale pansi panu. Tonsefe timakwerera kumanzere, ndiye lamba wa chopondera cha kumanzere amatamuka pakapita nthawi, n'kukhala wamtali kuposa mnzake ngakhale mabowo awerengedwe ofanana. Chishalo nachonso chimakokekera komweko pokwera. Vulani malamba onse awiri muwayerekeze, ndipo muziwasinthanitsa. Pokwera pondani pa chitsa kapena pa mulu wa njerwa m'malo modzikoka kuchokera pansi, msana wa mwanayo upume. Kenaka pemphani mnzanu aime kumbuyo, patali ndithu poti sangamenyedwe, akujambuleni ndi foni mukuyenda molunjika. Kawirikawiri mudzaona phewa limodzi latsika, nthiti za mbali imodzi zapindika, matako atsetserekera mbali inayo. Munthu sudzimva wekha, thupi linazolowera ndipo limakuuza kuti uli bwinobwino. Mankhwala ake si kukweza phewa lotsikalo, koma kubweza matako pakati pa chishalo n'kutalikitsa mbali yopindikayo kuyambira m'chiuno. Tsiku loyamba mudzamva ngati mwapendama, pomwe ndiye mwawongoka.

Maso nawo. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndiye mukamayang'ana makutu a kavalo kulemera konseko kwapita kutsogolo. Yang'anani mtengo kapena phiri la kumene mukupita. Ndipo muzipuma. Wamantha amagwira mpweya, thupi n'kuuma gwa, ndipo nyama imene imamva ntchentche ikatera pa chikopa singalephere kumva zimenezo. Ena amaimba kanyimbo chapansipansi, sizochititsa manyazi.

Pa troti musakhale pansi n'kumagundidwa. Msana wa zaka 3 sunakonzeke kulandira zimenezo. Troti ili ndi magundidwe awiri, chifukwa mwendo wakutsogolo umayendera limodzi ndi wakumbuyo wa mbali inayo. Pa kugunda kumodzi mumanyamuka, pa kwinako mumakhala. Kunyamukako si kudumphira m'mwamba. Kavalo ndiye amakukankhani, inu mumangolola chiuno kupita kutsogolo pang'ono, n'kubwerera mofewa ngati simukufuna kuti chishalo chimve. Pozungulira, nyamukani pamene phewa lakunja la kavalo likupita kutsogolo. Mukatembenuka kulowera kwina, khalani magundidwe awiri motsatizana kuti musinthe. Ngakhale pamsewu wowongoka muzisintha pakapita kanthawi, apo ayi mbali imodzi ya kavalo imalimba kuposa inzake, kukhota kuja n'kumakula.

Tsopano manja. Mangani lamba wakale, ngakhale wa chopondera, momasuka m'khosi mwa kavalo pafupi ndi mapewa. Mukaona kuti mukugwedera, kolani chala pamenepo kapena gwirani ubweya wautali wa pakhosi, m'kamwa musiyemo. Lamba ameneyu okwera odziwa amamugwiritsa ntchito pa akavalo aang'ono, si wa ophunzira okha. Zala zazikulu ziyang'ane kumwamba, zigongono zipindike pafupi ndi nthiti, ndipo kuchokera pa chigongono, kudutsa dzanja, kukafika pa chitsulo pakhale mzere wowongoka. Poyenda wamba kavalo amagwedeza mutu, ndiye manja azimutsatira. Pa troti mutu wake umakhazikika, ndinu amene mukukwera ndi kutsika, choncho zigongono zizitseguka ndi kutsekeka kuti manja akhale malo amodzi. Pokhota musakokere chingwe kumimba kwanu. Tsegulani dzanja cham'mbali, mumuonetse njira, maso ndi mapewa anu zitatembenukira komweko. Poimitsa, tulutsani mpweya, chiuno chileke kutsatira mayendedwe ake, fumbatani zala, ndipo akangoyamba kumvera masulani nthawi yomweyo. Kavalo amaphunzira pa kumasulako. Mukapitiriza kukoka iye atamvera kale, mwamuphunzitsa kuti kumvera kulibe phindu.

Pali amene analemba kuti chotsani chishalo muyale thumba, mudzaphunzira msanga. Pa kavalo wamkulu wofatsa pali nzeru ndithu. Pa mwana uyu ayi. Chishalo chimagawa kulemera kwanu pamalo aakulu, pomwe popanda icho mafupa awiri aja amaboola malo amodzi, ndipo wopanda zopondera amakanikiza mawondo koposa.

Kunena zoona, ophunzira awiri pamodzi, inu ndi kavalo, n'zovuta. Ngati pafupi pali wina amene ali ndi kavalo wachikulire wozolowera anthu, kapempheni. Mnzanu aime pakati ndi chingwe chachitali, kavalo azizungulira, inu mulibe zingwe m'manja: manja m'chiuno, kenaka otambasula, kenaka kuimirira pa zopondera akuyenda. Kumeneko ndiye kophunzirira kukhala. Mwana wanuyo mumubweretsere thupi lokhazikika kale. Ngati kavalo wotere palibe, chitani zoimirira zija pa wanu yemweyo akuyenda wamba, mutagwira lamba wa m'khosi, mnzanu akumutsogolera. Kupalasa njinga choimirira kumalimbitsanso minofu yomweyo.

Pa kavalo wanu wamng'onoyo, mphindi 15 kapena 20 zakwana, ndipo masiku ena azipuma. Troti ikhale yaifupi: masitepe ochepa abwino, bwererani ku kuyenda musanayambe kugwedera, kenaka yambaninso. Kusinthasintha kumeneku kumamuphunzitsa kudzinyamula kuposa kuthamanga mtunda wautali. Bwalo lozungulira lisachepere mamita 20 kuchoka mbali ina kufika inzake, chifukwa laling'ono limapweteka mfundo za miyendo. Zitunda zathu za ku Angónia ndi mphatso pa ntchito imeneyi. Kukwera chitunda chosatsetsereka kwambiri, akuyenda wamba inu mutapepuka pa chishalo, kumamanga msana ndi ntchafu bwino zedi. Anzathu a kumunsi ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, kumene October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, zonsezi muzichita m'mamawa. Dziyezeninso pa sikelo: inu pamodzi ndi chishalo musapitirire 20 peresenti ya kulemera kwa kavalo, kutanthauza makilogalamu 70 pa kavalo wa 350, ndipo kwa wamng'ono ndi bwino kuchepera pamenepo.

Ziwiri zokha zimene si za inu, koma muzione musanakwerenso. Choyamba chishalo. Mutakhalapo, zala ziwiri kapena zitatu zizilowa pakati pa chishalo ndi fupa lotumphuka la pamapewa, paja ng'ombe imakhala ndi linunda. Chikagunda pamenepo, kapena mukaona potupa ndi ponyuka mutachotsa, kavalo adzatukula mutu ngakhale mukhale bwino chotani. Thupi lake likusintha, ndiye chishalo chokwana lero chingathe kuthina pakatha miyezi ingapo. Chachiwiri mano. Kuyambira zaka ziwiri ndi theka kufika zinayi ndi theka kavalo amakhala akugulula mano a ubwana, ndipo ena amakhala ndi kadzino kakang'ono kutsogolo kwa mano otafunira a m'mwamba, pomwe chitsulo chimagunda. Dokotala wa ziweto amuyang'ane m'kamwa. Mukakumana naye mufunsenso za katemera wa matenda a akavalo otchedwa African horse sickness mvula isanayambe, chifukwa touluka tating'onoting'ono tofalitsa matendawa timachuluka m'dzinja, timaluma madzulo ndi m'bandakucha, ndipo matendawa amapha akavalo ambiri amene awagwira.

Chitsulo chikhale chomwecho chofewa, cholumikiza pakati, chopanda mikono yaitali. Kumutu valani chipewa cholimba chomanga pachibwano, kuphazi nsapato yokhala ndi kachidendene kuti phazi lisalowerere m'chopondera. Patapata ndi nsapato zamphira zotambalala ayi. Mukajambula, tumizani makanema awiri m'gulu muno, ina ya cham'mbali pa troti, ina ya kumbuyo mukuyenda molunjika, wojambulayo aonetse thupi lonse kuyambira kumutu kwanu mpaka ziboda, ndidzakuuzani choyamba kukonza.