Funsani Dokotala: Kalembo kamodzi kangadwalitse mwana chonchi?

Adokotala, mwana wanga wa zaka 4 anamupeza ndi sickle cell. Ine ndi bambo ake sitidwala, ndiye apongozi akuti matendawa ndabwera nawo ndine. Kuchipatala anati m'thupi mwake munasintha kalembo kamodzi. Kamodzi kokha, mwana n'kumachezera kulira ndi mafupa?
Mayi wa ku Chamama, Kasungu

Pepani mayi. Inde, kamodzi kokha. Nyumba ndi nyemba zimasiyananso ndi kalembo kamodzi, koma simungagone mu nyemba.

Malangizo opangira thupi analembedwa mu DNA, yomwe ili m'maselo athu ndipo timatengera kwa makolo, ndi zilembo zinayi: A, C, G ndi T. Thupi limaziwerenga zitatuzitatu, ndipo gulu lililonse la zitatu, lotchedwa codon, limasankha kachidutswa koti kalumikizidwe pa puloteni, monga mmene mumatungira mikanda pa ulusi. Ma codon alipo 64, pomwe tizidutswa, ma amino acid, tilipo 20 tokha. Ulusiwo ukatungidwa umadzipinda, ndipo ntchito ya puloteni yagona pa mapindidwe akewo.

Hemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'magazi, ili ndi ulusi wina wa mikanda 146. Pa mkanda wachisanu ndi chimodzi pamayenera kulembedwa GAG. Mwa mwana wanu palembedwa GTG, choncho pamalo pa mkanda wotchedwa glutamic acid palowa wina wotchedwa valine. Wasayansi wina dzina lake Vernon Ingram ndiye anazindikira kusinthana kwa mikandaku m'zaka za m'ma 1950. Valine sagwirizana ndi madzi. Mpweya ukachepa, amamatirira ku hemoglobin inzake mpaka zonse zipange timitengo touma, selo lofiira la magazi n'kupindika ngati chikwakwa. Maselo otere amatseka timitsempha, ndiwo ululu wa m'mafupawo. Amafanso m'masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa 120, n'chifukwa chake mwanayo magazi amamuchepera pafupipafupi.

Chomwe chimandidabwitsa ine n'chakuti kukanakhala kuti GAG anasanduka GAA, mkanda ukanakhala womwewo, mwana ali bwinobwino. Komabe m'mapuloteni ena ngakhale kusintha kotereku kumatha kusintha liwiro lotungira, ulusi n'kupindika mosiyana. Asayansi akali kuzifufuza zimenezi.

Tsono za apongozi. Mwana sadwala sickle cell pokhapokha atatengera mbali zonse ziwiri, kwa mayi ndi kwa bambo. Nonse awiri munanyamula mbewu yake osadziwa, ndipo pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nayo. Mukapite ndi bambo ake kuchipatala akadzimvere okha, ana enawo akayezedwenso.

Mwanayo azimwa madzi ambiri, azigona m'neti, ndipo m'June ndi July muzimufunditsa, chifukwa kuzizira kumayambitsa ululu. Mukafunse za mankhwala a folic acid, penicillin ndi hydroxyurea ku chipatala cha boma ku Kasungu, kapena ku Kamuzu Central akakutumizaniko. Akatentha thupi, akayamba kubanika, m'manja mukayera kapena mimba ikatupa kumanzere, musadikire kuti kuche.