Wazisudzo akamangopatsidwa gawo limodzimodzi

Mwafunsa ngati ochita mafilimu amasangalala akamangopatsidwa gawo limodzimodzi chaka ndi chaka, wina ufiti wokhawokha, wina uchitsiru wokhawokha. Achimwene, ambiri mitima yawo imakhala pawiri, chifukwa gawo likuwatopetsalo ndi lomwenso likuwadyetsa.

Taonani Leonard Nimoy wa ku America, Spock wa makutu osongoka uja wa mu Star Trek kuyambira 1966. Mu 1975 anatulutsa buku lomwe mutu wake unkati iye si Spock, ndipo okonda seweroli ambiri anakhumudwa, ati wawatembenukira. Mu 1995 anatulutsanso lina, mutu wake wovomera kuti iye ndi Spock. Munthu mmodzi yemweyo, ndipo ine sindikuona kuti penapo ananama.

Amene tinakulira m'mavidiyo sho tikuwadziwa Patience Ozokwor a ku Nigeria. Akangoonekera pa sikirini, onse munali mutadziwa kale kuti mkazi wa mwana wawo aona zakuda. Kanayo O. Kanayo naye dzina lake linamatirira ku nkhani za kukhwimira chuma kuchokera pa Living in Bondage ya 1992. Bamboyu anaphunzira zamalamulo mpaka kukhala loya mu 2020, koma pa intaneti anthu amangomuseka za nsembe basi.

Musaiwale kuti wopanga filimu waikapo ndalama zake ndipo akuopa kuluza. Nkhope yodziwika ikakhala pa chikuto, wogula amadziwiratu zomwe apeze m'katimo, ndiye bwanayo ayeserenji zachilendo? Ifenso owonera tili ndi mlandu. Munthu amene timamuseka tsiku lililonse akapatsidwa gawo la maliro, timayamba kuseka asanatsegule pakamwa.

Amene amathawa msamphawu kawirikawiri ndi amene ali kale ndi kangachepe m'thumba. Daniel Radcliffe, akadali pakati pa mafilimu a Harry Potter, anakachita sewero lolemera la Equus pa siteji ku London mu 2007, kuti anthu amuone mwa mtundu wina. Iye akanatha kukana ntchito chaka chathunthu osagona ndi njala. Wazisudzo wamba amene lendi ikumudikira sangakane kukhalanso mfiti kachikhumi. Ndiye mukamva wina akuti "ine sindidandaula", muyambe mwaona kaye ngati ali ndi kwina kopita.

Kwathu kuno nkhaniyi imafika mpaka pa dzina lenileni la munthu. Ndi angati ankawatchula malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi mayina awo? Anthu ankangoti Izeki ndi Jakobo. A Michael Usi anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, koma m'minibasi anali adakali Manganya wa mu Tikuferanji. Otsutsana nawo ankagwiritsa ntchito dzinali powapeputsa, pomwe kumudzi ndi dzina lomwelo limene linkasonkhanitsa anthu pa misonkhano yawo.