Nsagwada ikamatupabe dzino litazulidwa, tipite kwa dokotala uti?

Mayi wina wa ku Dedza wanditumizira imelo yokhudza mchimwene wawo wa zaka 27. Akuti nsagwada yake yam'munsi yakhala ikutupa pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri popanda ululu woti nkumugoneka, ndipo ngakhale kuchipatala chaching'ono anamuzula dzino limodzi poganiza kuti ndilo gwero la vutoli, kutupako kukupitirira, mano oyandikana ayamba kugwedera, komanso mlomo wam'munsi wachita dzanzi. Funso lawo ndi lakuti kodi m'Malawi muno alipo dokotala woona za nsagwada, nanga angamupeze bwanji.

Mayi, dokotala wotereyu alipo, ndipo kuchipatala amamutchula kuti oral and maxillofacial surgeon. Iyeyu amayamba waphunzira udokotala wa mano, kenako nkuwonjezera zaka zingapo akuphunzira maopaleshoni a m'kamwa, nsagwada ndi nkhope, kotero kuti ndi amene amachotsa zotupa za m'fupa la nsagwada, kulumikiza nsagwada zothyoka pangozi monga za njinga zamoto za kabaza, ndi kuthandiza anthu amene kamwa lawo silikutseguka. Akatswiri amenewa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo simungawapeze pachipatala chapaboma. Ntchito zotere zimapita kuzipatala zazikulu, makamaka Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ngakhale kuti zipatala zazikulu za ku Mzuzu ndi ku Zomba nazonso zili ndi mbali yoona za mano.

Ndibwino kudziwa kuti ambiri mwa amene timawatchula madokotala a mano m'maboma ndi ma dental therapist, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Iwo amazula ndi kumata mano, amatsuka m'kamwa, ndipo popanda iwo anthu ambiri akumudzi sakanakhala ndi kothawira dzino likawawa. Koma chotupa cha m'fupa sichili m'gulu la ntchito zawo. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba m'Malawi mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo izi zikusonyeza chifukwa chake madokotala a mano akhala osowa kwa nthawi yaitali chonchi.

Pempho langa lalikulu ndi lakuti mchimwene wanuyo asazulidwenso dzino lina asanajambulidwe. Dzino likamagwedera pamalo pomwe fupa latupa, nthawi zambiri vuto silikhala dzinolo, koma chinthu chimene chikudya fupa pansi pake, mofanana ndi mzati umene ukugwedera chifukwa chiswe chadya kunsi. Palibe amene angatchule dzina la matendawa pongowerenga imelo, koma zimene mwafotokozazi zimaoneka pa zotupa zingapo za m'nsagwada. Chimodzi chodziwika bwino ndi ameloblastoma, chomwe si khansa, chimakonda nsagwada yam'munsi chakumbuyo, ndipo chimakula mwakachetechete kwa zaka mpaka nkhope kupindika. Chikangopalidwa pamwamba chimakonda kubwereranso, nchifukwa chake madokotala amachotsa chotupacho pamodzi ndi fupa lochizungulira. Chikapezeka chidakali chaching'ono fupa lochotsedwa limakhala lochepa, pamene chikakula munthu amataya mbali yaikulu ya nsagwada, ndipo pamafunika kuikapo chitsulo kapena fupa lotengedwa pena m'thupi. Dzanzi la pamlomo likutanthauza kuti mtsempha umene umadutsa m'kati mwa nsagwada wakhudzidwa, ndipo chizindikiro chimenechi pachokha nchokwanira kuti ulendo usachedwe.

Njira yake imayambira pachipatala chapaboma. Apite kumbali ya mano atatenga buku lake lakuchipatala, afotokoze momveka kuti kutupaku kunayamba liti ndiponso kuti dzino linazulidwa kale koma sizinathandize, kenako apemphe kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu, chomwe kwa anthu a ku Dedza ndi Kamuzu Central. Kumeneko zinthu ziwiri ndi zimene zimapereka yankho: ekisire yoonetsa nsagwada yonse kuchokera khutu lina kufika khutu linzake, ndi kudula kachidutswa ka chotupacho kuti kakapimidwe ku labotale. Zotsatira za kachidutswako zimatha kutenga masabata, choncho asachoke asanafunse tsiku lobwerera, ndipo asiye nambala ya foni imene imapezeka nthawi zonse. Ngati amamwa mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV, anene poyera, chifukwa dokotala amafunika kudziwa zimenezi asanakonze opaleshoni. Mukasankha chipatala cholipira, muli ndi ufulu wofunsa ngati dokotalayo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, komanso ngati iyeyo ndi katswiri wa nsagwada kapena adzakutumizani kwina.

Ndikudziwa kuti pamudzi sipalephera kupezeka wina wolangiza kutema mphini kapena kuthowa ndi madzi otentha. Zimenezi sizifika m'fupa, zimangotsegula khomo la majeremusi ndi kudya miyezi imene ikanapulumutsa nsagwada.

Popeza ena owerenga ali ndi mavuto ofanana pang'ono ndi awa, ndinene kuti si kutupa konse kumene kumalola munthu kudikira tsiku la kiliniki. Dzino lobooka likayambitsa kutupa kunsi kwa chibwano, lilime nkukankhidwira m'mwamba, thupi nkutentha, munthu nkumalephera kumeza malovu kapena kupuma bwino, apite kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, chifukwa kutupa kotereku kumatseka njira ya mpweya. Mwana akatupa nsagwada mofulumira m'masabata ochepa, mano nkuyamba kugwedera, madokotala amaganizira khansa ya Burkitt lymphoma, imene Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda. Khansa imeneyi ndi imodzi mwa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi, ndipo imachizidwa ndi mankhwala a khansa osati kuzula mano, choncho mwanayo amafunika kufika msanga kumbali ya ana pachipatala chachikulu. Chimodzimodzinso chilonda cha palilime kapena m'kati mwa tsaya chimene chatha masabata atatu chisanapole, makamaka kwa munthu wosuta fodya kapena womwa mowa kwambiri, chiyenera kupimidwa.

Kwa mchimwene wanuyo, Mayi, chithandizo m'zipatala za boma nchaulere, koma mukonzekere ndalama zoyendera maulendo angapo a ku Lilongwe, ndipo pakhale wachibale mmodzi wokonzeka kukamudikirira akadzagonekedwa, popeza pambuyo pa opaleshoni ya nsagwada munthu amakhala masabata akudya phala ndi zakudya zina zofewa zokhazokha.