Ovololo ya bambo musaichapire limodzi ndi zovala zanu

Achemwali, musamvere amene akukuuzani kuti ntchito ya bambo ilibe kanthu pa mwana wam'mimba. Amuna anga nawonso amapopera mankhwala pa esiteti ya fodya ngati anuwo, ndipo ine zinandionekera.

Mwana wanga wachiwiri anabadwa ndi mlomo wong'ambika mpaka m'kamwa. Azamba atamunyamula anangoti zii, n'kuyang'anana, osandipatsa msanga. Nditamuika kubere ankalephera kukoka, mkaka n'kumatulukira m'mphuno, iye akulira mpaka mawu kutha. Usiku wonse ndinkakamira m'kapu n'kumamudonthezera ndi supuni, manja akunjenjemera kuopa kuti atsamwa. Amayi a pabedi loyandikana ankabwera ngati akudzandizonda, chonsecho akufuna adzaone nkhope yake.

Ndiye apongozi anga! Anafika m'mawa, anangovundukula nsalu kamodzi, basi kuyamba zoti kwathu kulibe zotere, mwina ndinaseka wolumala, mwina ndinayenda njira ndili ndi pakati. Pamaso pa anthu. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Mwana wawo, amuna angawo, anangozyolika osandiikira kumbuyo, munthu amene ankabwera madzulo alionse ovololo ili chinyowere kumsana chifukwa mpope unkadontha, maso ali psuu, mutu ukumuwawa. Magolovesi analibe, chotseka pamphuno analibe, ankangomanga kansanza. Kapitawo ankati wofuna zodzitetezera asiye ntchito, pageti pali anthu ambiri. Pomwe lamulo limati wolemba ntchito ndiye azipereka zimenezo.

Adokotala ndi amene anandichotsa manyazi. Anati zoyambitsa n'zambiri, zina zakumtundu, zina kusuta fodya kapena kusowa kwa vitamini wotchedwa folic acid, koma anafunsanso ntchito ya bambo. Anandifotokozera kuti mbewu ya mwamuna imatenga pafupifupi miyezi 3 kuti ikhwime, ndiye mankhwala ophera tizilombo, thina wa penti ngakhale mtovu wa m'mabatire zikhoza kuiwononga mimba isanayambe n'komwe. Kwinanso poizoniyo amabwera kunyumba pa zovala. Ine ovololo ija ndinkaichapa ndi manja m'beseni lomwelo la zovala zathu, mimba ili ya miyezi iwiri.

Mwanayo anamuchita opaleshoni ya mlomo mwaulere kudzera ku bungwe la Operation Smile asanathe chaka, ya m'kamwa inabwera pambuyo. Pano akuyankhula, akudya nsima ngati anzake.

Inuyo musade nkhawa kwambiri, anzawo ambiri a amuna anga opopera nawo ana awo ndi abwinobwino. Koma ngati n'kotheka asiye kaye kupoperako musanatenge mimba. Athu sanasiye, tidya chiyani? Chomwe tinasintha n'choti amasamba ndi kuvulira komweko, ovololo amachapa yekha panja, gambuti sizilowa m'nyumba. Yambani folic acid panopa, musadikire sikelo, ndipo mukapita kusikeloko mutenge dzina la mankhwala amene amapoperawo mukawaonetse anamwino.