Reference counting isatayidwe chifukwa cha ma cycle

Achimwene, mwati interpreter (pulogalamu yoyendetsa chilankhulo chanu) yomwe mukulemba mu C ikungodya memory chiyambireni kuyesa ma closure (ma function oyenda ndi ma variable a pomwe anapangidwira), ndiye mukuganiza zochotsa reference counting yonse (kuwerenga ma pointer oloza chinthu chilichonse, n'kuchichotsa count ikafika pa 0) n'kuyambiranso ndi mark-and-sweep, yolemba zonse zomwe pulogalamu ikuzifikirabe n'kusesa zotsalazo. Ine ndikuti musaigwetse nyumbayo, chomwe chikudontha ndi denga lokha.

Closure yagwira environment (mosungira ma variable ake), nayonso environment yasunga closure yomweyo: kugwirana kozungulira kotereku ndiye cycle. Pulogalamu ikazisiya, chilichonse chimatsala ndi count ya 1 chifukwa mnzake wachigwirabe, ndiye palibe chofika pa 0 kuti chichotsedwe.

Pomwe mwini chinthu akudziwika, monga node yoloza kwa kholo lake, ikani weak reference basi, yoloza osakweza count, ngati weak_ptr ya C++. Koma pa ma closure simungadziwiretu kuti wogwiritsa ntchito chilankhulo chanu alumikiza chiyani ndi chiyani. Apo pakufunika trial deletion, momwe David Bacon ndi V. T. Rajan anaifotokozera mu 2001. PHP inatengera njira yomweyi kuyambira pa 5.3.

Count ya chinthu ikatsika koma osafika pa 0, chilembeni pa mndandanda wa zokayikitsa. Mndandanda ukadzadza (PHP inkadikira zikwane 10,000), yambirani pa chilichonse n'kutsata ma pointer, mukuchotsa 1 pa count ya chomwe mwachipeza. Apa mukufafaniza kugwirana kwa m'kati mokhamokha. Chomwe count yake yatsala pamwamba pa 0 ndiye kuti wina wakunja akuchifunabe, choncho bwezerani ma count ake ndi a zonse zomwe chikuloza. Zotsala pa 0 ndi zinyalala. Closure yanu ija ndi environment yake, zonse zitsika kuchoka pa 1 kufika pa 0, n'kupita limodzi.

Ma string ndi manambala musawaike n'komwe pa mndandandawo, saloza chilichonse, angokuchedwetsani.

Pomwe ine pananditayitsa masiku ndi apa: mtundu uliwonse wa object umafunika function yotchula ma pointer ake onse, ngati tp_traverse ya CPython, interpreter ya Python. Ndinaiwala field imodzi, cycle osachoka. Pokonza ndinaitchula kawiri, collector yochotsa zinyalalayo n'kumasula chinthu chamoyo, pulogalamu n'kudzagwa patali ndi pomwe panalakwika. Ndiye pa ma test anu, collector iziyenda nthawi iliyonse count ikatsika, ndipo muyatse AddressSanitizer kapena Valgrind, zida zogwira zolakwika za memory, musanawonjezere mtundu wina wa object.