Akufuna kundiunika matumbo, ndikonzekere bwanji?

FUNSO: Zikomo adokotala. Ndine bambo wa zaka 56, kuchipatala andipatsa deti yokandiunika m'munsi mwa matumbo, papepala alemba kuti sigmoidoscopy. Anandifotokozera ndithu koma nditangomva zoti alowetsa kapaipi kumbuyo mutu unaima, zinazo sindinamvenso. Ndisiye kudya masiku angati? Nanga zimawawa? Manyazi akundigwira moti mwina ndingozemba basi. (Wamantha)

YANKHO: Bambo musazembe chonde. Anthu amene akakuunikeniwo ntchito yawo ndi yomweyo tsiku ndi tsiku, za manyazizo iwo sakaziona nkomwe, chimene chimawatopetsa ndi munthu kubwera matumbo asanayere chifukwa kamera ya kunsonga kwa kapaipiko imangoona chimbudzi basi ndiye amakubwezani kuti mudzabwerenso, kuyambira poyambira.

Sigmoidoscopy imaona chigawo chakumapeto chokha cha matumbo aakulu, kapaipi kake nkofewa, kukula ngati chala, kutalika pafupifupi masentimita 60. Nde kawirikawiri simusala kudya masiku ambirimbiri ayi, amakupatsani enema, timankhwala tamadzi tothira kotulukira chimbudzi ola limodzi kapena awiri musanaunikidwe. Mugone chammbali kumanzere, mawondo mupinde, thirani pang'onopang'ono kenako limbani mtima mphindi ngati 5 osathamangira kutoileti ngakhale m'mimba mukuchita kubwadamuka. Apa mpamene ambiri amalephera, amangoti kuthira nkudzuka. Toileti ikhale pafupi, zimenezi sizidikira munthu.

Musasokoneze ndi colonoscopy, imene ija amaona matumbo aakulu onse. Iyoyo ndiye mumamwa mankhwala otsegula m'mimba dzulo lake, masiku angapo osadya za njerenjere ndi zamakoko, komanso osamwa zakumwa zofiira poti mu kamera zimaoneka ngati magazi. Zipatala zimasiyana, ena amamwetsa mankhwalawo ngakhale pa sigmoidoscopy, ndiye pepala lanulo muliwerengenso bwinobwino, likatsutsana ndi ine tsatirani pepalalo.

Chimene ndikufuna muchite lero lomwe, auzeni akuchipatalawo mankhwala onse amene mumamwa. Mapilisi a ayironi, oonjezera magazi aja, amadetsa chimbudzi bii, nthawi zambiri amasiyitsa kutatsala sabata. Ngati mumamwa warfarin kapena ena oletsa magazi kuundana, kaya a shuga, musasiye nokha, afunseni kaye.

Zowawa? Kwenikweni ndi kudzimbidwa ndi kupotokola pang'ono chifukwa amapopera mpweya kuti matumbo atambasuke, mphindi 10 mpaka 20 zatha. Akapeza timinofu tomera totchedwa ma polyp amatha kudula pomwepo nkutumiza ku labu, tina mwa timeneti tikasiyidwa zaka timasanduka khansa, nchifukwa chake amaunika munthu asanayambe kudwala. Mukatuluka muziphwisa kwambiri, musadabwe. Akakubayani jakisoni wogonetsa pakhale wokuperekezani ndipo osayendetsa galimoto maola 24. Timadontho ta magazi tsiku loyamba sitodetsa nkhawa koma akamatuluka ambiri, m'mimba mukamapweteka kwambiri kapena thupi litatentha, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku omwewo.