Mtsuko wa ku Japan wosapakidwa kalikonse: ukudula chonchi chifukwa chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, Mmalawi mnzathu amene amagwira ntchito ya unamwino ku Britain. Ndaifupikitsa pang'ono, koma mawu ndi awo:

"Achimwene, Loweruka ndinali ku London ndipo ndinalowa m'sitolo ina ya zaluso pothawa mvula. Ndinaonamo chinthu chadongo cha ku Japan, chofiirira, chokhakhala, chosapakidwa utoto, mbali imodzi ngati chinapserera. Kukamwa kwake n'kwakung'ono moti simungatungiremo madzi. Mtengo wake ungagule galimoto yakale yoyenda bwinobwino. Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo agogo anga ankaumba mitsuko yooneka bwino kuposa chimenecho. Kodi anthuwa akupusitsana, kapena pali chimene ine sindikuona? Nanga poti zimadula chonchi, kodi ndi nzeru kugula chimodzi n'kusunga kuti ndidzagulitse m'tsogolo?"

Zikomo achemwali. Mafunso anu ndi awiri, ndipo lachiwirilo yankho lake ndi lalifupi, ndiye ndilisiya kumapeto.

Tiyambe ndi moto, chifukwa kusiyana kwa mtsuko wa agogo ndi chimene munaonacho kwayambira pamenepo. Agogo ankawotchera pabwalo: kuunjika nkhuni ndi makungwa, kuyatsa, pakatha ola limodzi kapena awiri zatheka. Moto wotero suphatikiza dongo kotheratu, limatsala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake mtsuko umachita thukuta kunja, madzi n'kumazizira mkati ngakhale mu Okutobala. Chimenecho si chilema, ndi ntchito yake. Zoumba za ku Japan zimene mukunenazi amazitcha yakishime, kutanthauza kuwotcha mpaka dongo lithinane. Zimapsa m'ng'anjo yotseka, pa madigiri 1,200 kapena kuposa, ndipo dongo limagwirana n'kukhala ngati mwala. Madzi sadutsa, ngakhale sanapake glaze, utoto wonyezimira ngati galasi uja mumauona pa makapu a ku Dedza. Mukagogoda mtsuko wa kumudzi ndi chala umalira mogonthera. Gogodani cha ku Bizen, mumva ngati mwamenya khasu.

Ndatchula Bizen dala, chifukwa monga mwafotokozera mtundu wake, n'kutheka kuti chinachokera kumeneko. Ku Japan kuli madera asanu ndi limodzi amene akhala akuumba osalekeza kwa zaka mazanamazana: Bizen, Shigaraki, Tamba, Echizen, Tokoname ndi Seto. Katswiri wa mbiri ya zoumba Koyama Fujio ndi amene anawaika m'gulu limodzi mu 1948. Pa onsewo, Seto yekha ndiye ankadziwika ndi kupaka glaze kalelo. Ena onse ankadalira dongo ndi moto basi.

Ku Imbe, m'chigawo cha Okayama, komwe ndi kuchimake kwa Bizen, dongo labwino amalikumba pansi pa minda ya mpunga. Amalitcha hiyose. Lili ndi chitsulo chambiri, ndi lomata, limafota kwambiri likamauma, ndipo silifuna kulidzidzimutsa ndi moto. Choncho woumba amasonkhezera pang'onopang'ono, usana ndi usiku, masiku 10 mpaka 14, ndi nkhuni za paini wofiira, anthu kumalandizana ngati pa maliro. Ambiri amawotcha kamodzi kapena kawiri pachaka. Ganizirani zimenezo: ntchito ya miyezi yambiri yalowa m'ng'anjo imodzi, ndipo ikatsegulidwa zina zang'aluka, zina zamatirirana, zina zatuluka zosasangalatsa n'komwe. Mtengo wa chimodzi chimene chatuluka bwino umasenzanso zonse zimene zinafera m'njira. Alipo ena amene anapita nazo patali: Mori Tōgaku anamanga ng'anjo yotalika mamita 85, ndipo mu 2015 anaisonkhezera masiku 107.

Tsopano mbali "yopserera" ija. Phulusa la nkhuni limauluka ndi malawi, n'kumatera pa zoumba, ndipo kutentha kukafika pachimake limasungunuka. Likagwa mowaza limasiya timadontho tachikasu, amati goma, ndiye chitowe. Chinthu chikakwiririka m'makala n'kusowa mpweya chimatuluka chotuwa, chakuda, pena chobiriwira ngati chitsulo cha mfuti, amati sangiri. Pali chinanso chimene ine ndimachikonda kuposa zonse. Kale, poopa kuti mbale zingamatirirane, ankazikulunga ndi mapesi a mpunga. Mapesiwo akapsa ankasiya mizere yofiira ngati magazi pa dongo loyererako. Chimene chinayamba ngati njira yotetezera katundu chinasanduka chokongoletsa chodula, dzina lake hidasuki. Ku Shigaraki, kufupi ndi nyanja ya Biwa, dongo ndi lina: loyera, lamchenga, lokhala ndi timiyala toyera timene timatumphuka pamwamba ngati nsungu. Moto umalipatsa mtundu wa lalanje, ndipo phulusa likachuluka limayenderera n'kuuma ngati msozi wa galasi lobiriwira. Msozi umenewo amautcha bīdoro, mawu amene anabwereka kwa Apwitikizi, monga ife tinabwerekera nsapato ndi kapitawo.

Anthu ogulitsa amakonda kunena kuti zonsezi ndi "mphatso ya moto", ngati woumba amangoponya zinthu m'ng'anjo n'kupemphera. Musawamvere kwambiri. Woumba wodziwa amatha masiku akulongedza ng'anjo. Amadziwa kuti apa malawi amadutsa mothamanga, apo phulusa limaunjikana, ichi ndichigoneke chammbali pa zigoba za nkhono kuti msozi uyenderere chopingasa, icho chibisale kuseri kwa chinzake kuti chikhale ndi bwalo lofiira losapsa. Mwayi ulipo ndithu, koma ndi mwayi wa mlenje amene amadziwa pamene nyama imamwera madzi.

Pamene diso lanu silinalakwe ndi apa: zinthu zimenezi zinayambadi ngati mitsuko ya agogo. Zinali mbiya zosungiramo mbewu, mitondo yadongo yoperera zakudya, zidebe za amayi opota ulusi. Amene anazikweza ndi akatswiri a mwambo wa tiyi, kuyambira Murata Jukō m'zaka za m'ma 1400 kufikira Sen no Rikyū amene anamwalira mu 1591. Iwo anatopa ndi mbale zosalala zochokera ku China n'kuyamba kutola ziwiya za alimi, kuziika pamalo aulemu m'chipinda cha tiyi. Ku Gotoh Museum ku Tokyo kuli chotengera madzi cha ku Iga, dera linanso la oumba, chimene chinafwamphuka ndi kung'aluka m'ng'anjo, dzina lake Yabure-bukuro, thumba lophulika. Agogo anu akanachitaya kudzala kapena kuchisandutsa phale lokazingira chimanga. Boma la Japan linachiika m'gulu la chuma chofunika cha dzikolo. Ndiye kuti kwa zaka zoposa 400 anthu akhala akuphunzitsana kuyang'ana mng'alu ndi chipsera, kuzipatsa maina, kutsutsana kuti chabwino n'chiti. Mtengo munauona uja waima pa mwambo wautali umenewo. Ife mitsuko yathu tinaisiya itangofika ndowa ya pulasitiki, ndipo dzina la mayi amene anaumba silinalembedwe paliponse. Luso linalipo, chimene chinasowa ndi anthu olisunga ndi kulitchula.

Bizen nayo inatsala pang'ono kufa. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ankapanga kwambiri mapaipi a ngalande ndi tizidole. Kaneshige Tōyō ndiye anabwerera ku kaumbidwe ka nthawi ya akatswiri a tiyi aja, ndipo mu 1956 boma linamulemekeza ndi udindo umene anthu amangoti "chuma chamoyo cha dziko". Pambuyo pake anaulandira Fujiwara Kei mu 1970, Yamamoto Tōshū mu 1987, Fujiwara Yū mu 1996 ndi Isezaki Jun mu 2004.

Koma inu mwadandaula za kukamwa kwakung'ono, ndipo apa mpamene nkhani ikukoma. Mu 1948 ku Kyoto, anyamata oumba, pakati pawo Yagi Kazuo, Yamada Hikaru ndi Suzuki Osamu, anayambitsa gulu lotchedwa Sōdeisha. Funso limene linkawasowetsa tulo linali lomweli: chinthu chadongo chikapanda pakamwa, chikadali chiwiya? Nanga titatseka pakamwapo, chatsala n'chiyani? Mu 1954 Yagi anaumba mkombero n'kuuimika chilili ngati tayala, timipope tikutuluka mbali zonse, chosathiramo kanthu kalikonse. Kuyambira pamenepo woumba wa ku Japan anapeza ufulu wopanga chinthu chongoyang'ana, ngati mmene wosema ziboliboli amachitira ndi mtengo. Gululo linakhalapo mpaka 1998.

Oumba a lero ali pakati pa miyambo iwiriyi. Akiyama Yō, wobadwa mu 1953, amene anaphunzira kwa Yagi, amawaula dongo laliwisi ndi moto wa gasi kuti khungu lake liume msanga, kenaka amalipinda kapena kulitembenuza, n'kung'ambika ngati matope a dambo louma. Zinthu zake zina ndi zazikulu moti munthu mmodzi sanganyamule, ndipo palibe amene angafunse kuti muthiramo chiyani. Kohyama Yasuhisa wa ku Shigaraki, mmodzi mwa oyamba kubwezeretsa kumeneko ng'anjo yakale ya chipinda chimodzi yotchedwa anagama, amadula dongo ndi waya, chinthu n'kuoneka ngati thanthwe losemedwa ndi mphepo, koma amasiya kabowo kakang'ono pamwamba koti mutha kuzikamo duwa limodzi. Kabowo kameneko ndi ulusi womaliza womangirira chinthucho ku mbiya za makolo ake. Ndipo pali Kakurezaki Ryūichi, wobadwa mu 1950 ku Nagasaki, amene sanabadwire m'banja la oumba a ku Bizen. Anaphunzira kwa Isezaki Jun, ndipo poti dongo labwino la pansi pa mpunga linali m'manja mwa mabanja akale, iye anayamba kusakaniza dongo limene ena ankalitaya. Zoumba zake zimakhala ndi nthiti zakuthwa, zopendekeka, zina zoima pa timiyendo titatu ngati zikufuna kuyenda.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena okonda zimenezi sagwirizana nane. Phulusa lokongola lokha si luso. Zilipo zoumba zambiri zaulesi, zopanda msana, zimene zinangopsa bwino, ndipo zimagulitsidwa chifukwa cha msozi wobiriwira uja. Mukabwereranso m'sitolomo, pemphani kuti akutembenuzireni chinthucho muone mbali imene sinayang'ane moto. Kenaka chiyang'aneni motsinzinira pang'ono, kuti mitundu izimiririke mutsale ndi mthunzi wake wokha. Ngati mthunziwo uli ndi mphamvu, phewa lake, mimba yake, mmene chapondera pansi, ndiye kuti muli ndi chinthu. Ngati chasanduka chibuma wamba, agogo anu apambana, ndipo musachite manyazi kunena.

Tsopano za kugula kuti mudzagulitse. Ayi, achemwali, musatero ndi ndalama za mashifiti a usiku. Ogula zinthuzi ndi ochepa, sitolo imaikapo phindu lake lalikulu, ndipo tsiku lodzagulitsa mudzapeza kuti a okushoni nawonso akufuna gawo lawo. Chuma cha Japan chitagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu ambiri amene anagula ziwiya za tiyi modula anatsala nazo m'makabati. Maina otchuka nawo ndi amene akuba amakonda kuwanamizira. Ngati mtima wakokeka, yambani ndi kakapu kakang'ono komwera mowa wa sake, amati guinomi. Oumba otchuka omwewo amapanga timakapu timeneti, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo dzanja lanu lidzaphunzira zambiri pa kamodzi kokha kuposa zithunzi zonse za pa intaneti. Mukadzakhala ndi mwayi wofika ku Japan mu Okutobala, ku Imbe kumachitika chikondwerero cha zoumba, misewu yonse mbale zokhazokha.

Chenjezo limodzi lochokera pa kupusa kwanga. Kakapu kanga koyamba kanabwera m'kabokosi kathabwa lopepuka, komangidwa ndi chingwe chansalu, pachivindikiro pali zilembo za inki ndi chidindo chofiira. Ine ndinayesa n'cholongedzera chabe. Ndinachotsa kakapuko, kabokosi n'kusungiramo misomali, mpaka chivindikiro chinathimbirira ndi dzimbiri. Patapita nthawi mpamene ndinamva kuti kabokosiko, tomobako, n'chiphaso cha chinthucho: woumba mwini ndiye amalembapo dzina la chinthu ndi lake. Chikasowa, mtengo umatsika kwambiri ndipo wogula aliyense amakayika. Choncho funsani za bokosi musanafunse za mtengo, ndipo tembenuzani chinthucho muone chizindikiro chimene woumba anakanda pansi pake.

Mukafika nacho kunyumba, chiviikeni m'madzi oyera musanathiremo kanthu, kuti chisamwe mafuta kapena fungo. Musachiike m'makina otsukira mbale. Ndipo pansi pake m'pokhakhala ngati sandipepa, ndiye yalani kansalu. Tebulo langa lodyera lili ndi kamzere kozungulira mpaka lero, pamene ndinkatembenuzira kakapu kaja posirira chitowe chake.